Kusudzula Olemekezeka a Kamchacha

Mukachoka pa Mponela kulowera kum'mawa, pamene msewu wafumbi umayamba kukwera, pali nyumba ina ya malata obiriwira imene wa kabaza aliyense amaidziwa. Simufunika kutchula mudzi. Mukangoti "kwa a Nduna," wa njinga yamoto waliza kale injini, ngakhale kuti a Ndunawo anasiya unduna kalekale ndipo boma lasintha kangapo chichokereni iwo pampando. Kuno dzina la udindo silisuluka msanga. Munthu akhoza kusowa ya mafuta a galimoto koma n'kumatchedwabe Olemekezeka mpaka m'bokosi.

Anthu odutsa amaganiza kuti nyumbayo ili pamalo a a Elifala Kamchacha. Iwonso kwa zaka zambiri ankaganiza choncho. Koma a Kamchacha si a kwa Kalinde, mudzi umene nyumbayo ili. Anabadwira kwa Chisoso, kumapiri a Ntchisi, kumene nkhungu imagona m'minda ya mbatatesi mpaka dzuwa litakwera. Kwa Kalinde anafika ali mnyamata, mlangizi wa zaulimi, atakwera njinga ya boma, chingwe choyezera mizere atachikulunga pa handulo. Ntchito yawo inali kuphunzitsa kulima anthu amene anayamba kulima iwo asanabadwe. Anthuwo ankamvetsera mwaulemu, mlangizi akachoka n'kulima monga kale.

Chimene anapindula pa ulangiziwo ndi mkazi. Anamuona Faines, Nankhoma, akusoka fodya m'chigafa cha bambo ake, ndipo chigafa chimenecho chinayamba kuyenderedwa ndi boma kuposa zigafa zonse za m'deralo. Amalume awo anatsika kuchokera ku Ntchisi wapansi kudzakhala nkhoswe. Ukwati utatheka, apongozi anawalozera malo kuseri kwa nyumba yawo, iwo anamangapo kanyumba kaudzu, n'kukhala mkamwini monga amuna ena onse okwatira pamudzipo.

Mkamwini akakhala zaka zingapo, atabereka ana ndi kuonetsa khalidwe, amatha kupempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake apite naye kwawo. A Kamchacha sanapemphe. Poyamba chinali chifukwa cha ntchito. Pambuyo pake panabwera chifukwa chachikulu, chimene ndi mavoti.

Nthawi ya chipani chimodzi anali mlembi wa nthambi, wolemba mayina a anthu obwera kumsonkhano ndi kukumbukira a osabwera. Zipani zitachuluka anaima pa uphungu. Mnzawo wopikisana naye, mwana wa m'deralo weniweni, anakwera pa ngolo pa msika n'kufuula kuti anthu asapusitsidwe, ameneyu ndi wobwera, mkamwini chabe. Aliyense anaganiza kuti a Kamchacha athera pomwepo. Iwo anakwera ngolo yomweyo sabata yotsatira.

"Akuti ndine mkamwini. Sananame ayi, ndinedi mkamwini," anatero. "Koma tandiuzani amayi inu, denga likamadontha amakwera ndani? Nkhokwe ikagwa amaluka ndani? Mwana wanu wobereka nokha mukamutuma amakuyankhani kuti ndatopa. Mkamwini amangoti chabwino apongozi, n'kunyamuka. Ndiye nditumeni ku Zomba, muone ngati ndikane!"

Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. Amayi anapeka nyimbo ya mkamwini wathu, ndipo a Kamchacha anapita ku Zomba, kumene Nyumba ya Malamulo inali nthawi imeneyo, kenako anasamuka nayo kupita ku Lilongwe.

Za ntchito yawo kumeneko anthu amanena zosiyanasiyana. Amiseche amati anasintha zipani katatu. Iwo amakana kwamtuwagalu. Amati sanasunthepo, anali mbali ya boma nthawi zonse, boma ndilo linkasinthasintha zipani. Anakhala wachiwiri kwa nduna, kenako nduna yathunthu, m'maunduna osiyana kwambiri moti munthu ukhoza kudabwa kuti mutu umodzi unadziwa bwanji za nsomba, za masewera ndi za misewu pa nthawi yochepa chotero. Iwo ankati nduna siifunika kudziwa, odziwa ali m'maofesi. Nduna imafunika kufika, kudula riboni, ndi kuthokoza mtsogoleri wa dziko katatu mawu asanathe.

Kwa kanthawi anayang'aniranso za malo. Anazungulira dziko lonse kulangiza anthu kuti azilembetsa malo awo kuti ana asadzavutike. Mkulu wina wa muofesi yawo, pofuna kudzikometsera, anawanong'oneza kuti akhoza kuwakonzera mapepala a malo a nyumba yawo ya kumudzi sabata isanathe. A Kamchacha anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Iwe ukufuna ndigwe chisankho? Mkamwini akakalembetsa malo a apongozi ake Lolemba, Lachiwiri nkhani ili pachigayo, Lachitatu ili m'nyimbo."

Apa sanalakwe. Ndale ankazidziwa.

Ndipo chitukuko anabweretsadi, tisawanamizire. Mijigo, milatho iwiri ya simenti, midadada ya sukulu, chilichonse chili ndi kachitsulo kolembedwa dzina lawo ndi tsiku. Zonsezi zili m'dera limene ankaimira. Kwa Chisoso ndi boma lina, dera la phungu wina, ndipo voti ya kumeneko ngakhale itakhala ya mlongo wako siiwerengedwa kuno. Ankapitako pa maliro akuluakulu okha. Ankafika mwambo uli pakati, kulankhula, kupereka chipepeso, n'kunyamuka adzukulu asanamalize kukwirira, chifukwa ntchito za boma sizidikira. Amayi awo atamwalira, giledala inapala msewu mpaka pakhomo kuti magalimoto a akuluakulu akafike. Anthu a kwa Chisoso amaikumbukirabe giledalayo. Sinabwererenso.

Kwa Kalinde kanyumba kaudzu kaja kanakula n'kukhala nyumba ya njerwa, nyumbayo inabala ina ya alendo, kenako zonse zinazunguliridwa ndi mpanda wautali wokhala ndi geti ndi mlonda. Mpanda sudziwa malire a makolo. Unameza mitengo ya mango ya apongozi, unamezanso dimba la kumunsi limene amayi a pabanjapo ankalimamo mpiru. Tsiku lina a Vinsenti, mlongo wake wa Faines, amenenso ndi mwini mbumba ya pamenepo, anagogoda pageti. Mlonda anali watsopano, wochokera kutauni.

"Muli ndi apointimenti, madala?"

"Pamene wapondapo mwana iwe," anayankha a Vinsenti, "ndi pamene anakwirira mchombo wanga."

Anabwerera osalowa. Nkhaniyo sinakule chifukwa cha Faines. Anaboola kakhomo kumbuyo kwa mpanda, ndipo abale ake ankalowera kumeneko, kuthyola mango, kukhala kukhitchini, kutuluka ndi kasopo kapena kamchere. Maliro akagwa pamudzi, iye ankagona kusiwa masiku onse n'kumanena kuti bambo atumiza mafuno, ali ku msonkhano kunja. Zimene mkamwini amayenera kuchita ndi manja ake ankazichita Faines yekha, ndipo a Kamchacha ankadabwa kuti anthu ena amati kukhala ndi akuchikazi n'kovuta.

Unduna unatha monga unayambira, pa wailesi. Anali pakati potsegulira mjigo. Dalaivala anamva nkhani ya masana ali m'galimoto, anatsika, anachotsa kambendera mwaulemu, n'kudikira kuti bwana amalize kuthokoza mtsogoleri wa dziko. Uphungu unatha pa chisankho chotsatira, pamene anagonja kwa mnyamata wogulitsa feteleza pa Mponela. Ananena kuti mavoti abedwa, anapita kukhoti, khoti linamva, moyo unapitirira. Anabwerera kumudzi ndi masuti ambiri, matenda a shuga, ndi galimoto imodzi yokalamba. Mlonda anachoka yekha.

Kenako Faines anadwala. Anagona masabata angapo kuchipatala ku Mtengowanthenga, n'kumwalira mvula itangoyamba. Pamaliro panabwera akuluakulu a zipani zonse zimene a Kamchacha sanasinthepo zija, ndipo analankhula motalika moti abusa anangotsala ndi pemphero.

Anthu anameta, mvula inatha, chimanga chinalowa m'nkhokwe. M'mawa wina a Vinsenti analowa pageti, popanda wowafunsa, n'kukhala pakhonde.

"Alamu, mwalira mokwanira. Mlongo wathu munamusunga bwino mpaka mapeto, sitikudandaula. Ndiye akuluakulu akuti tikumasuleni. Tikusudzuleni."

Kusudzula ndi mwambo wachifundo. Mwamuna woferedwa amamasulidwa, amauzidwa kuti alibenso mangawa pamudzipo, akhoza kukwatira, akhoza kubwerera kwawo. Koma ufulu wobwerera kwawowo, kwa mkamwini, kawirikawiri sukhala wosankha. Malo ndi a mbumba. Nyumba ndi ya ana, ndipo ana a a Kamchacha anali kutali: anyamata anakwatira kwina, mwana wamkazi yekhayo, Takondwa, ankagwira ntchito ku Blantyre. Kwinaku atsikana a mbumba ya a Vinsenti anali atakula, akufuna pomanga ndi polima, ndipo m'kati mwa mpanda munali malo okwana mabanja angapo.

"Ndipite kuti, alamu?" anafunsa a Kamchacha.

"Kwanu, alamu. Munthu aliyense ali ndi kwawo."

A Kamchacha anachita chimene ankachidziwa. Anayamba kampeni. Anayenda khomo ndi khomo m'mbumba yonse, uku paketi ya shuga, uku chitenje chotsala pa chisankho chapitacho, nkhope yawo ili pakatikati. Anakumbutsa za mijigo. Analonjeza kulankhula ndi anzawo akale za magetsi. Amayi analandira shugayo ndi manja awiri, n'kumayang'anana kuti munthu woferedwa wayamba liti kuyendayenda ndi mphatso. Iwo pobwerera kunyumba ankawerengera mumtima kuti ambiri ali mbali yawo.

A Vinsenti anabweranso.

"Alamu, izi mukuchitazi zikutichititsa manyazi. Si chisankho ichi, sitikweza manja. Ndiponso patsikulo inu simulankhula."

"Sindilankhula? Nkhani yake ya ine?"

"N'chifukwa chake. Pokwatira munalankhula nokha? Bwerani ndi nkhoswe ya kwanu, ikulankhulireni ndi kukulandirani."

"Amalume anamwalira kalekale. Ndiitana loya."

"Loyayo ndi mbale wanu?"

"Nanga tcheyamani wa chipani, poti tayenda limodzi zaka zonsezi?"

"Wa chipani chiti?" anafunsa a Vinsenti, osaseka n'komwe.

Motero munthu amene analankhulira dziko lonse m'misonkhano ya kunja anayenera kukafuna womulankhulira kwa Chisoso. Galimoto inalephera pamtsinje wa kumunsi, pamene palibe mlatho. Anaisiya pomwepo n'kukwera phiri wapansi, akupumira pa mwala uliwonse. Kumudziko wamkulu amene anatsala anali mlongo wawo, a Lenia, Nambewe, mayi wowonda, wa maso akuthwa. Anawapeza akupuntha nyemba pabwalo.

"Achimwene! Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira, achemwali. Ndangobwera."

"Mwangobwera? Inu?" A Lenia anaika ndodo pansi. "Khalani pansi msanga, mwina ndinu odwala."

Anafotokoza zonse. Kenako anayamba kuwaphunzitsa zokanena, monga ankachitira ndi anyamata a kampeni. Muyambe ndi kuthokoza. Mutchule mijigo, mudzi ndi mudzi. Mutchule milatho. Musaiwale midadada ya sukulu ndi ambulansi. Pomaliza mupemphe kuti munthu wochita zoterezi asachotsedwe pakhomo pake. A Lenia ankamvetsera akuola nyemba.

"Zonsezi munamanga kumeneko?"

"Zonse, achemwali."

"Ndi ambulansi yomwe?"

"Ndi ambulansi yomwe."

"Ndamva. Ndibwera."

Tsikulo anthu anasonkhana pansi pa mango aja m'kati mwa mpanda. Mipando ya sofa inatulutsidwa, akuluakulu a mbumba anakhalapo, a Lenia anapatsidwa wawo. Mwini mipandoyo anawaikira kampando kamatabwa chapambali, pafupi ndi Takondwa, amene anafika dzulo lake. A Kamchacha anavala suti. Palibe anawauza kuti asavale.

A Vinsenti analankhula bwino, mwachidule, zimene a Kamchacha sanazolowere. Anathokoza a kwa Chisoso chifukwa chopereka mwana wawo. Anati watumikira, wabereka ana, waika mkazi wake m'manda mwaulemu. "Ndiye lero tikumubweza m'manja mwanu ali wamoyo, wopanda mlandu." Mayi wina anabweretsa nkhuku yomangidwa miyendo n'kugwada nayo pamaso pa a Lenia. Nkhoswe ikangolandira nkhuku imeneyo, nkhani yatha, chotsala n'kumanga katundu.

A Lenia sanatambasule manja. Anaiyang'ana nkhukuyo, anayang'ana mlongo wawo, n'kukonza mpango kumutu.

"Zikomo alamu, mwalankhula zaulemu. Koma ndifunse nawo. Munthu amene tinakupatsani ife anali ndi tsitsi lakuda, mano onse m'kamwa, ndi njinga. Ali kuti ameneyo? Poti uyu ine ndikumuona koyamba."

Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa phwete.

"Andiuza kuti nditchule mijigo. Chabwino, nditchula. Mijigo mukumwa ndi inu. Ife tikumwabe pachitsime chomwe anachisiya ali mnyamata, limodzi ndi ng'ombe. Milatho mukuwoloka ndi inu. Kwathu mayi woyembekezera timawoloka naye pamachira. Akuti kulinso ambulansi, ine ndaimva dzana. Mphamvu zonse za munthuyu zathera kuno. Lero mawondo atha, shuga wakwera, akudya zosankha, ndiye mukuti Nambewe tenga munthu wako. Ndikamuike pati? Munda wa amayi tinagawana kalekale, iye kulibe. Zidzukulu zanga zimamudziwira pa kalendala. Akakomoka, amutsitsa ndani phiri lija, ine?"

A Kamchacha anadzuka theka, dzanja lili m'mwamba. "Pa mfundo imeneyo, ndiloleni ndiunikire—"

"Adadi, khalani pansi," anatero Takondwa, akuwakoka jekete. Anakhala.

"Koma alamu," anatero a Vinsenti, "mwambo ndi womwewo. Munthu amabwerera kwawo."

"Mwambo ndikuudziwa, ndakalamba nawo. Kwawo ndi kumene munthu amakadwalirako, kumene amakaonako anzake akadwala. Ndifunseni ine amene ndimakhala kumeneko ngati ameneyu ali ndi kwawo. Munamuimbira nyimbo kuti ndi wanu, inamveka ndi pa wailesi pomwe. Ife sitinatsutse. Ndiye sungani wanuyo. Nkhuku yanu ndi yonenepa bwino, koma sindilandira."

Mayi wa nkhuku uja anali chigwadire, osadziwa kuti adzuke kapena ayi, mpaka nkhukuyo inadandaula yokha.

A kwa Kalinde anapempha kuti akaonane pambali. Anapita kuseri kwa nyumba ya alendo, ndipo zimene anakambirana zinkamveka bwinobwino kwa aliyense, monga zimakhalira ndi zokambirana zachinsinsi. Ena ankati mayiyo ndi wamwano. Ena ankati wamwano koma sananame. Chimene chinawavuta n'chakuti mwambowo umafuna wopereka ndi wolandira. Kumasula munthu popanda womulandira n'kumutaya pamsewu, ndipo palibe ankafuna kuti pa Mponela pazimveka kuti a kwa Kalinde anataya nkhalamba imene ankaivinira. Anamuitana Takondwa. Iye anati nyumba ndi yake ndi alongo ake, ndipo sakuona chifukwa chotsekera nyumba bambo ake ali moyo, koma za dimba ndi mango alibe nazo mawu, si zake yekha.

Atabwerako, a Vinsenti anapereka chigamulo ataimirira. A Kamchacha akhalabe m'nyumbamo moyo wawo wonse, osati ngati eni malo, koma ngati bambo a Takondwa. Mpanda wa kumbuyo ugwetsedwa, dimba ndi malo onse a kumunsi zibwerera ku mbumba, njerwa zake atsikana amangira. Akafuna kukwatira, ufulu ali nawo, koma mkaziyo akamupezere kwina kokhala. Ndipo maliro akagwa pamudzi, azipezeka okha, kuyambira pa chiyambi mpaka adzukulu atasamba.

A Kamchacha anavomera ndi mutu mfundo iliyonse, nkhope ikuwala. Anali atapambana zisankho zambiri, ndipo ankadziwa kuti wopambana safunsa kuti wapambana bwanji.

Madzulo anaperekeza mlongo wawo mpaka pamsewu, pamene anyamata a njinga zamoto amaima. Ankayenda monyadira, dzanja lili m'thumba.

"Achemwali, ndale mumazidziwa inu. Ine zaka zonsezi njira imeneyo sindinaiganizeko. Mukanakhala kuti munapita kusukulu, bwenzi tonse tikukunyamulirani chikwama."

"Njira yanji?"

"Yondikana dala ija. Mwawapanikiza pakona, asowa pothawira."

A Lenia anaima, n'kuwayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Dala? Achimwene, ine ndimanena zoona. Akanaumirira, ndikanakusiyani pansi pa mango pomwepo."

A Kamchacha anaseka pang'ono, kudikira kuti mlongo wawo asekenso. Sanaseke. Anakambirana mtengo ndi wa njinga, anakwera chammbali, anakonza chitenje pamawondo.

"Koma musadandaule kwambiri," anatero injini ikulira. "Tsiku lanu likadzafika, Takondwa adzatumize uthenga msanga, tidzabwera kudzakutengani. Kumanda kokha malo anu alipo, pafupi ndi amayi. Amenewo sitinagawane."

Njinga inanyamuka, fumbi linakwera. A Kamchacha anaima pamsewupo kanthawi, kenako anatembenuka kubwerera kunyumba, kumene anyamata a mbumba anali atayamba kale kugogoda mpanda ndi nyundo.